Katoni ya mapepala a nyimboyo musathamange nayo kwa wokonza mafulemu

Achemwali, mapepala a nyimbo zakale za ku America amene mwawapeza m'nyumba ya apongozi anuwo musawasiye m'manja mwa wokonza mafulemu, ngakhale akulonjezeni zotani. Ine zinandionekera ndikukhala ku Baltimore, ndipo mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa.

Ndinagula mapepala oposa 40 pamene ankagulitsa katundu wa mayi wina wophunzitsa piyano amene anamwalira. Ambiri anachokera kumakampani osindikiza nyimbo a ku Tin Pan Alley, pa West 28th Street mu New York, ndipo zikuto zina zinali zojambulidwa ndi katswiri wojambula zithunzi dzina lake E. H. Pfeiffer. Ndinasankhapo 6 okongola kwambiri kuti ndiwapachike pabalaza, n'kukawasiya kwa bambo wina wokonza mafulemu.

Nditapita kukatenga, ndinaona kuti dzina la wosindikiza, limene limakhala m'munsi mwa chikuto, palibe. Mapepala amene anatuluka chisanafike chaka cha 1917 ndi aakulu, pafupifupi mainchesi 10 ndi theka mulifupi ndi 13 ndi theka mulitali, ndipo anayamba kuchepa pa nthawi ya nkhondo yoyamba ya padziko lonse mapepala atasowa, mpaka anadzakhazikika pa mainchesi 9 ndi 12. Bamboyo anali ndi mafulemu a muyeso watsopanowo okha, choncho anangotenga mpeni n'kudula m'mbali monse, zikutozo n'kuzimata ndi guluu pa katoni. Masamba a m'kati, amene ali ndi manotsi enieniwo, anawathothola n'kuwataya, ati kuseri kwa galasi palibe amene akanawaona. Ndinaima pakauntala manja akunjenjemera, iye akumwetulira n'kumandipatsa lisiti! Sanapepese ngakhale pang'ono, m'malo mwake anandiuza kuti ndimuthokoze poti wachotsa m'mbali mong'ambika. Munthu wotere ngakhale chithunzi cha ukwati sangakusungireni bwino.

Anuwo muwagoneke chafulati pamalo opanda chinyontho, kutali ndi dzuwa, ndipo musawamate selotepi kapena kuwaotchera m'pulasitiki, chifukwa pepala la nthawi imeneyo linapangidwa ndi mitengo, lili ndi asidi ndipo limathetheka msanga. Kuti mudziwe zaka zake, muwayerekeze ndi a mu Lester S. Levy Collection, nkhokwe ya mapepala a nyimbo ya ku Johns Hopkins University, imene ili ndi mapepala pafupifupi 30,000 ndipo ambiri amaoneka pa intaneti.

Komabe musayembekezere chuma. Nyimbo ngati After the Ball ya Charles K. Harris, ya mu 1892, inagulitsidwa makope mamiliyoni, motero mapepala ambiri otere mtengo wake ndi madola ochepa chabe. Ngati pali awiri kapena atatu amene akukusangalatsani, apachikeni ndithu, kusiyana n'kuti aziola m'katoni, koma muyese nokha fulemuyo ndi tepi, ndipo muimirire pomwepo mpaka mwiniwake atatseka galasi.