Njira yofikira pa udokotala wa ana odwala khunyu

Amai, mwafunsa kuti mtsikana wanu wa Grade 11 adzere kuti kuti adzakhale dokotala wa ana odwala khunyu. Muuzeni poyera kuti ulendowu ndi wautali. Amayamba wakhala dokotala wa matenda onse, kenako wa ana, za ubongo zimabwera kumapeto.

Pa Grade 12 akhoze bwino Biology, Chemistry, Physics ndi masamu. Digiri ya udokotala, MBChB, angakaitenge ku yunivesite ya Zambia (UNZA) ku Ridgeway mu Lusaka, ku yunivesite ya Copperbelt (CBU) ku Ndola kapena ku yunivesite ya Levy Mwanawasa, ndipo imadya zaka 6 kapena 7. Akamaliza amalembetsa ku HPCZ, bungwe lopereka chilolezo kwa ogwira ntchito zachipatala, n'kugwira internship, ndiko kugwira ntchito m'chipatala moyang'aniridwa ndi madokotala akuluakulu. Pambuyo pake digiri ya ukatswiri, MMed, ya matenda a ana, zaka zinanso 4. Kale ofuna za ubongo ankachita kupita kunja, ena ku chipatala cha ana cha Red Cross ku Cape Town, koma kuyambira 2018 neurology, maphunziro a za ubongowo, ikuphunzitsidwa pa chipatala chachikulu cha UTH ku Lusaka. Zonse pamodzi zimayandikira zaka 15.

Ntchito yake anthu amaiona ngati ya makina basi. Inde, adzaphunzira kuwerenga EEG, makina oyeza mmene ubongo ukugwirira ntchito, ndi kusankha pakati pa mankhwala a khunyu monga phenobarbitone, carbamazepine ndi sodium valproate, n'kumasintha mlingo mwana akamakula, poti umayendera kulemera kwake. Koma si kawirikawiri dokotala kuona mwana akugwa. Amadalira ambuya a mwanayo kufotokoza: anayamba kugwedezeka dzanja liti, maso anayang'ana kuti, anatenga nthawi yotani, thupi linali lotentha kapena ayi. Wodziwa Chichewa ndi Chinsenga amamva zinthu zimene womasulira amataya panjira, ndiye mwana wanuyo asachite manyazi ndi chilankhulo cha kwawo.

Kuno kum'mawa kwa Zambia odwala sadzamusowa. Malungo a mu ubongo amasiya ana ena ndi khunyu, enanso ndi aja anabanika pobadwa. Ku Katete ndi Petauke kuli vuto la njoka za m'mimba zochokera ku nkhumba: mazira ake amatuluka ndi chimbudzi cha munthu, wina akawameza m'madzi kapena m'ndiwo amakapanga timatumba mu ubongo. Ndiye pali ana opsa atagwera pamoto, ndi ochotsedwa sukulu poopa malovu awo, pamene khunyu siyopatsirana n'komwe. Makolo ambiri amafika atazungulira kale kwa asing'anga, ndipo dokotala wowakalipira sawaonanso mwezi wamawa.

Pakali pano limbanani nayo Chemistry ndi masamu. Ngati pali kandalama ka tuition, kapite kumeneko.