Shock ya WR250F ikudontha oyilo: kumangitsa sipuling'i sikungathandize

Achimwene, mwati Yamaha WR250F yanu yayamba kuchucha oyilo pa shock yakumbuyo, ikudumphadumpha m'misewu ya fumbi ya ku Machinjiri, ndipo makaniko wina wakuuzani kuti angomangitsa sipuling'i kuti ilimbe. Musalole zimenezo. Shock yanuyo ndi yotheka kukonza, koma vuto lake lili m'kati, osati pa sipuling'i.

Sipuling'i ntchito yake ndi kunyamula kulemera kwa inu ndi njinga, basi. Chimene chimagwira njinga kuti isabwerere mwaukali ikamenya bampu ndi oyilo wa m'kati, amene amakakamizidwa kudutsa m'timabowo ta pisitoni ndi pansi pa timawashala topyapyala totchedwa shims. Oyiloyo akachepa, sipuling'i imatsala yopanda woigwira. Mukaimangitsanso imakankha kuposa kale, ndipo tayala lakumbuyo likamenya mwala njinga imakuponyerani ku chiwongolero. Pamalo otsetsereka ngati a kuseri kwa Michiru ndi pomwe munthu amathyokera phewa. Yesani nokha: imani pambali, kanikizani mpando mwamphamvu n'kusiya. Shock yabwino imabwerera mofatsa kamodzi n'kuima. Yanuyo mupeza kuti ikutumpha msanga, mwina n'kugwederanso kachiwiri.

Mwayi wanu ndi wakuti pa WR250F pamakhala shock ya kampani ya KYB, yokhala ndi kabotolo pambali, ndipo inapangidwa kuti izitsegulidwa. Si ngati ma shock awiri a njinga za kabaza, amene ambiri anatsekedwa kufakitale ndipo akatha mumangogula ena.

Musanatulutse ndalama, yang'anani shaft, kachitsulo konyezimira kamene kamalowa ndi kutuluka. Tsukani bwino, kwezani kalabala kakuda kali kumapeto, ndiye yendetsani chikhadabo pachitsulopo kuzungulira konse. Chikhadabo chikakodwa penapake, kaya ndi pokandika, kaya ndi kadzimbiri kamene kadya chrome, dziwani kuti ndi pamenepo seal (labala woletsa oyilo kutuluka) yakale inang'ambikira, ndipo yatsopano idzang'ambikiranso pomwepo. Tizipsera tapamwamba timafafanizika ndi sandipepa yosalala kwambiri, ya 1200, yonyowetsa ndi oyilo. Koma ngati pakumbika, pafunika shaft ina. Ine apa sindinyengerera, chifukwa kuika seal yatsopano pa shaft yokumbika kuli ngati kutunga madzi ndi dengu.

Zogula ndi izi: seal head yathunthu (chotsekera chokhala ndi seal, chimene shaft imadutsamo), kalabala kakumapeto kamene kamaletsa chitsulo kumenya chitsulo shock ikafika pansi, kathumba ka labala ka m'kabotolo ngati kali kouma kapena kosweka, ndi oyilo. Yezani shaft ndi vernier, kachida koyezera kunenepa kwa chitsulo, musanaitanitse, chifukwa pa ma KYB ena ndi ya mamilimita 16, ena 18, malinga ndi chaka cha njinga. Ku Ndirande ndi ku Limbe zipangizo za njinga za kabaza ndi mbwee, koma izi kawirikawiri muyenera kuitanitsa ku Johannesburg, ndiye tumizani chaka cha njinga ndi muyeso pamodzi kuti chisabwere cholakwika. Oyilo wake ndi wa KYB K2C, kapena wina aliyense wopangidwira ma shock, wopepuka, wa 2.5W mpaka 5W. Wa injini wa 20W-50 musamuyandikize. Ndi wolemera kwambiri moti sadutsa bwino m'timabowo tija m'mawa kukazizira, ndipo akatentha amasintha kwambiri, ndiye shock imagwira mosiyana ola lililonse.

Tsopano pa kutsegula, ndipo apa ndikupempha muwerenge mofatsa. M'kabotolo kaja muli mpweya wa nitrogen wa pafupifupi 10 bar, kutanthauza 140 mpaka 150 psi. Tayala la galimoto yaing'ono limakhala ndi 2 bar ndi pang'ono. Choyamba werengani kuti zomangira za compression (kulowa kwa shock) ndi rebound (kubwerera kwake) zili pa makiliki angati kuchokera potsekeratu, lembani papepala, yezaninso kutalika kwa sipuling'i ili pamalo pake. Masulani mphete ziwiri zomangira sipuling'i, chotsani sipuling'i. Kenako tulutsani mpweya wonse pa valavu ya pa kabotolo musanakhudze chilichonse. Mpweya ukatha ndi pomwe chitseko cha kabotolo chimakankhika m'kati n'kuonetsa kawaya kozungulira kamene kamachigwira. Chimodzimodzi seal head: mumaikankhira m'kati pang'ono, kuchotsa kawaya kake, ndiye shaft yonse imatuluka. Ngati chitseko chikukana kulowa ndi zala, mwina mpweya ukadalimo, musachimenye ndi hamala. Pomanga pa vaisi gwirani pa diso la shock mutaika matabwa kapena aluminiyamu, osati pa thupi lake, chifukwa likapindika pang'ono pokha pisitoni siyendanso.

Nati ya kumapeto kwa shaft inaphwanyidwa mutu kufakitale kuti isamasuke. Mukaikakamiza ndi sipanala isanapalidwe mumawononga mazinga a shaft. Palani ndi fayilo m'mphepete mokha, pang'onopang'ono, osalowa pakati pomwe pali kabowo ka rebound. Mukachotsa nati, tengani kawaya ndipo shims zonse ndi pisitoni muzitungire pamenepo monga zatulukira, osatembenuza ngakhale imodzi. Timawashala timeneti timaoneka tofanana koma timasiyana kukula ndi kunenepa, ndipo mndandanda wake ndi umene umapanga khalidwe la shock. Ndaonapo shock itabwera kuchokera kugaraja ina shims zake zili m'kambale ka petulo, zosakanikirana ndi mchenga. Kuzibwezera bwino pamenepo n'kovuta kwambiri. Malo ogwirira ntchito akhale oyera, pa tebulo loyala nyuzipepala, osati pansi pabwalo pomwe mphepo ya Okutobala ikuulutsa fumbi. Polowetsa seal head yatsopano kulungani mazinga a shaft ndi tepi yopyapyala n'kupaka oyilo kuti mlomo wa seal usachekeke. Nati ikhale yatsopano, yopakidwa Loctite (guluu wa mazinga), yomangidwa pa muyeso wa m'buku la njingayo.

Pothira oyilo, mdani wanu ndi thovu. Thirani, lowetsani pisitoni, ikankheni pansi ndi kuikoka pang'onopang'ono osaitulutsa pamwamba pa oyilo, muzigogoda kumapeto kwa shaft ndi hamala ya pulasitiki kuti shims zitseguke timpweya tituluke. Pitirizani mpaka tithovu titasiya kukwera. Apa pamafunika mtima wautali. Mpweya ukatsala m'kati, shock imakhala ndi kamalo kopanda kanthu poyambira, ndipo ikatentha imafooka ngati simunaikonze n'komwe.

Nkhani ya mpweya wobwezeramo ndi imene ikundidetsa nkhawa kwambiri kuno kwathu. Wina adzakuuzani kuti pitani kwa owotcherera, ali ndi silinda ya mpweya wamphamvu. Silinda imeneyo ndi ya okisijeni. Okisijeni wopanikizidwa akakumana ndi oyilo kapena girizi amatha kuyaka yekha popanda moto, ndipo shock imaphulika. Musayerekeze, ngakhale munthuyo atalumbira kuti anachitapo. Wofunika ndi nitrogen, chifukwa ndi wouma ndipo sayaka. Amapezeka kwa ogulitsa mpweya wa m'masilinda ngati Afrox, komanso kwa ena okonza mafiriji ndi ma air conditioner, amene amaugwiritsa ntchito poyesa mapaipi. Pafunika regulator, chida chowongolera mphamvu ya mpweya wa m'silinda, yofika 10 bar. Mukasowa zonsezi, pampu yamanja ya ma shock a njinga zakapalasa zokwerera mapiri imafika pamenepo, ndipo mpweya wamba ungakusungeni kwa kanthawi, poti gawo lake lalikulu, 78 pa 100, ndi nitrogen yemweyo. Kompresa ya pa matayala siyenera, imabwera ndi chinyezi ndipo nthawi zambiri sifika. Musamayesenso ndi geji ya matayala mukamaliza. Kathumbako n'kakang'ono moti kungoika geji kamodzi kumataya mpweya wambiri. Mukadzaza, kankhani shaft mpaka pansi: iyenera kutuluka yokha mpaka kumapeto, mofatsa, osadumpha, osalira.

Shock ili panja choncho, musaibwezere musanatsegule linkage, timikono tolumikiza shock ndi swingarm, mkono waukulu wogwira tayala lakumbuyo. Muli mabering'i a timisomali ting'onoting'ono, ndipo a pansi pa shock ndi amene amamwa madzi onse a m'zithaphwi za Januwale. Mukatsegula n'kupeza ufa wofiira m'malo mwa girizi, sinthani. Ngati akadali bwino, tsukani, pakani girizi wosalowa madzi. Njira yodziwira msanga ndi kukweza njinga tayala lakumbuyo lili m'mwamba, n'kulinyamula ndi dzanja. Mukamva kakuti go go kasanayambe kugwira ntchito sipuling'i, mabering'i atha. Anthu ambiri amada shock pomwe vuto lili pamenepa.

Mphete za sipuling'i zija zili ndi ntchito yake, koma ndi ya kuyeza sag, kutanthauza kutsika kwa njinga chifukwa cha kulemera. Yezani kuchokera pa bawuti ya tayala kufika pamalo amodzi pa fenda, tayala lili m'mwamba. Yezaninso mutakwera, mutavala zonse zimene mumayenda nazo, mnzanu atagwira njinga. Kusiyana kwake kukhale mamilimita 100 mpaka 105. Kenako tsikani, njinga iime yokha pa matayala ake: itsike mamilimita 30 mpaka 40. Ngati yokha ikutsika ochepera 25 pomwe muyeso wa mutakwera uja uli bwino, sipuling'i ndi yofewa pa thupi lanu ndipo pafunika yolimba, osati kumangitsa. Kumbukiraninso kuti WR sinapangidwire kunyamula munthu kumbuyo kapena thumba la chimanga.

Kuti isadzachuchenso msanga, onani ngati kalabala kopachikika kutsogolo kwa tayala lakumbuyo kalipo. Njinga zambiri zogula zakale zimafika kopanda, ndipo tayala limaponya mchenga ndi timiyala molunjika pa shaft. Kakasowa, dulani chidutswa cha chubu cha lole mumangepo. Mukatsuka njinga ku car wash, auzeni anyamata asalozetse madzi amphamvu aja pa seal kapena pa linkage, ndipo mukafika kunyumba pukutani shaft ndi kansalu. Oyilo wa shock sinthani kamodzi pachaka ngati mumangoyendera, makamaka mvula isanayambe. Ngati mumathamanga nayo kwambiri m'mapiri, maola 30 mpaka 40 akakwana.

Jambulani shaft pafupi, padzuwa, kalabala mutakakweza, mutumize pagulu pano pamodzi ndi chaka cha njingayo. Tikaona tidziwa ngati muitanitse seal head yokha kapena shaft yomwe. Pakadali pano muziyenda nayo pang'onopang'ono, ndipo onetsetsani kuti oyilo wodonthayo sakufika pa tayala kapena pa buleki yakumbuyo.