Funsani Tikuyankheni: Mtengo Wosaopa Chisanu

Funso: Akonzi, kuno ku Scotland ndimaona mitengo ya khungwa lotuwa m'madambo, imene imayoyola masamba onse m'nyengo yozizira koma siifa. Kodi ndi mtengo wanji? Wowerenga, Inverness.

Yankho: Zikomo potilembera. Umene mwauonawo uyenera kukhala birch wa mtundu wa Betula pubescens, umene nthambi zake zanthete zimakhala ndi ubweya wofewa. Umakonda nthaka yonyowa ndipo umatha kutalika mamita 20, ngakhale kuti kumapiri ndi kumpoto kwenikweni umapinimbira n'kukhala ngati chitsamba. Umamera wokha kuyambira ku Britain mpaka ku Siberia, ngakhalenso kum'mwera kwa Greenland. Chotichititsa chidwi n'chakuti ku Iceland ndi mtengo wokhawu wachilengedwe umene umapanga nkhalango. Mungu wake umauluzika ndi mphepo, chimodzimodzinso njere zake, zomwe zili ndi timapiko.