Kodi makolo athu ankagona m'nyumba zotani?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi ena omwe amakhala ku Leeds, ku England. Mwana wawo wa zaka 9 anapatsidwa ntchito kusukulu yoti afotokoze chifukwa chake anthu amafuna pokhala, ndiponso ajambule nyumba zamakolo za mitundu yosiyanasiyana. Mwanayo anajambula igloo, nyumba yachipale ya anthu a Inuit a kumpoto kozizira kwambiri kwa dziko lapansi, ndi hema la ku Mongolia, kenako n'kufunsa kuti, "Nanga kwathu ku Malawi?" Mayiwo akuti anangoyankha kuti "nyumba zaudzu", mwana n'kukwinya nkhope. Ndiye akufunsa ngati pali china choti amuuze kuposa pamenepa.

Chilipo mayi, ndipo n'chambiri.

Ngati munakula nthawi ya Kamuzu, mukukumbuka zinthu zitatu zomwe ankabwereza pafupifupi pamsonkhano uliwonse: chakudya, zovala, ndi nyumba yosadontha. Sankanena kuti nyumba yokongola. Ankati yosadontha, chifukwa kwathu mdani woyamba ndi mvula, yomwe ikayamba mu Novembala imatha kukafika Epulo. Ikatha mvula kumabwera chisanu cha Juni ndi Julayi, chija a ku Dedza amachidziwa bwino, ndi chiperoni cha ku Thyolo ndi Mulanje. Kenako dzuwa la Okutobala, lomwe ku Nsanje ndi Chikwawa limawotcha mpaka usiku. Onjezanipo fisi, njoka, udzudzu ndi akuba. Mwana akalemba zimenezi, aphunzitsi amukhozetsa.

Koma ine ndikuona kuti yankho limeneli n'loperewera. Namondwe Freddy atagwetsa nyumba mu Malichi 2023, anthu oposa 500,000 anasowa pokhala, ambiri n'kukasungidwa m'masukulu ndi m'matchalitchi. Denga linalipo, mvula sinkawanyowetsa. Komabe munthu unkasowa posinthira zovala, posungira kathumba kako ka ufa, polankhulira nkhani za m'banja popanda makutu a anthu ena. Nyumba imabisa munthu, ndipo ulemu wake umakhala mmenemo. N'chifukwa chake bambo akamanena za mkazi wake amati "akunyumba". Pachikamwini, mnyamata ankayamba kuwerengedwa ngati munthu wamkulu akamanga nyumba yake kumudzi kwa mkazi, apongozi akuyang'anitsitsa ngati nsichi zaima mowongoka.

Tsopano nyumba zenizenizo. Yakale kwambiri yomwe Achewa ambiri amaikumbuka ndi yozungulira. Ndinaona malume anga akumanga yotere kumudzi kwa agogo ku Dowa ndili mwana, ndipo mpaka lero ndimakumbuka dongosolo lake. Anakhoma chikhomo pansi, n'kumangirira chingwe, n'kuzungulira nacho akulemba mzere padothi ndi kamtengo. Pulani yonse inali yomweyo. Mumzeremo anakumba maenje n'kuzika nsichi, kenako anazilukira mbaliro uku ndi uku, n'kumanga ndi luzi la mombo lomwe linagona m'madzi kuti lifewe. Msomali panalibe ngakhale umodzi. Titamaliza kuponda dothi (ntchito ya ife ana imeneyo, ndipo tinkaikonda kuposa kusukulu), amayi anayamba kumata, akuponya matope pakati pa mbaliro ndi kusalaza ndi manja. Zala zawo zinkatsala zitadindika pakhoma mpaka nyumbayo kugwa.

Denga analukira pansi, pambali pa khomalo. Mapaso anakumana pamwamba ngati chipewa chosongoka, mbaliro zikuzungulira. Litatha, malume anaitana amuna a m'mudzi, agogo atakonzeratu thobwa. Analizungulira, wina n'kuwerenga, onse pamodzi n'kulinyamula mpaka kulikhazika pakhoma, wina akukuwa kuti "Kwezani uko, lapendama!" Mwambi uja wakuti mutu umodzi susenza denga si fanizo chabe ayi, anthu ankalisenzadi. Umenewu mumuuze mwanayo, ndikhulupirira aukonda.

Pambuyo pake ndi kufolera udzu, kuyambira m'munsi kukwera m'mwamba kuti madzi azitsetsereka pamwamba pa mzere uliwonse. Denga linkatulukira kunja ndithu, n'kupanga khonde lomwe linkateteza khoma ladothi kuti mvula isalikokolole. Pansi amayi ankazira ndi mtsiro, n'kukhuta ndi mwala wosalala mpaka kuwala. Moto unkakhala mkati, ndipo utsi unkalowerera mu udzu n'kuthamangitsa tizilombo. N'chifukwa chake chimanga cha mbewu ankachipachika kudenga, n'kuda bii ndi mwaye koma osafumbwa. Khoma ladothi limachedwa kutentha masana, usiku n'kumatulutsa pang'onopang'ono kutentha lomwe lasunga. Udzu nawo sulola dzuwa kulowa. Anthu amenewa sankadziwa mawu a sayansi, koma ankadziwa chomwe akuchita.

Anthu akaona kanyumba kamodzi pachithunzi amadabwa kuti banja lonse linkakwana bwanji. Silinkagona monse mmenemo. Zomwe lero timati zipinda, kale zinali nyumba zoimirira pazokha pabwalo limodzi. Anyamata akasinkhuka ankapita kumphala kapena kugowelo, atsikana kukagona kwa agogo aakazi, kukuka, komwe ankamvera nthano ndi malangizo. Chimanga chinali ndi nyumba yake, nkhokwe, yolukidwa ndi nsungwi n'kuikidwa pamwamba pa miyala kapena mitengo kuti chinyezi ndi chiswe zisafike. Mbuzi m'khola, nkhunda m'khola lawo lapamwamba. Pabalaza panali pansi pa mtengo. Ngakhale mizimu inali ndi kanyumba kake, kachisi.

Mwiniwake akamwalira, m'madera ambiri nyumbayo ankaigwetsa. Dothi linkabwerera kudothi.

Nyumba zamakona anayi zinafala pambuyo pake. Ayao, omwe ankayenda ulendo wamalonda mpaka ku Kilwa ndi madoko ena a kunyanja yamchere, anatengera kamangidwe ka kugombe, ndipo amishoni ndi azungu amalonda anabwera ndi njerwa. Mandala House ya ku Blantyre, yomangidwa mu 1882, ikadalipo, khonde lake lili chizungulire. Mawu oti khonde azungu a ku Nyasaland anawatenga n'kumawagwiritsa ntchito m'Chingerezi chawo. Boma lawo nalo linaiona nyumba ndi diso lina: m'zaka za m'ma 1890, nthawi ya Harry Johnston, yemwe anali mkulu wa boma la atsamunda, anakhazikitsa msonkho wa nyumba, ndipo denga lililonse linasanduka ngongole yomwe inkatuma amuna kukagwira ntchito kuminda ya azungu.

M'midzi lero mupeza nyumba za mdindo, zomwe amathira dothi lonyowa pang'ono pakati pa matabwa awiri n'kulisinja mpaka kulimba, kenako n'kukweza matabwawo kuti apitirize mzere wina. Mupezanso za zidina, njerwa zoumba m'chikombole n'kuziumitsa padzuwa osawotcha. Ku Karonga, Ankhonde ankamanga ndi nsungwi, ndipo alendo oyamba kufika kumeneko ankachita chidwi ndi ukhondo wa midzi yawo ya pakati pa nthochi. Koma zomwe zimandisangalatsa kwambiri ine ndi zimbowera za pa nyanja ya Chilwa: asodzi amapinda ndi kuunjika zomera za m'madzi, n'kumanga msasa pamwamba pake, n'kukhala momwemo pamadzi masabata angapo akusodza ndi kuwamba nsomba. Mwana wanu akafuna zakale kuposa zonsezi, muuzeni za mapanga a ku Chongoni ku Dedza, komwe Akafula ankabisala mvula n'kujambula pamiyala. UNESCO inaika malowa pamndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006.

Mukayang'ana bwino, igloo ija ndi zimbowera n'zapachibale. A Inuit anali ndi chipale, anamanga ndi chipale, makamaka nyengo yozizira, chifukwa nyengo yofunda ankagona m'mahema a zikopa. A ku Mongolia amasamuka ndi ziweto, choncho nyumba yawo ya ubweya wa nkhosa imapasulidwa n'kunyamulidwa. Kwa Amasai ku Kenya ndi Tanzania omanga ndi akazi, ndipo amamata ndi dothi losakaniza ndi ndowe za ng'ombe. Ku Djenné, m'dziko la Mali, kuli mzikiti waukulu wadothi womangidwa mu 1907, ndipo chaka ndi chaka mzinda wonse umatuluka kukaumata mwatsopano, monga momwe amayi kwathu amazirira nyumba Khirisimasi ikayandikira. Palibe amene amauseka mzikitiwo kuti ndi wamatope.

Sindikufuna kukunamizani kuti zonse zinali bwino. Ndagonamo m'nyumba yaudzu yomwe eni ake anachedwa kufolera, usiku wonse tikusuntha mphasa ndi kutchera mabeseni. Chiswe chimadya nsichi mwakachetechete. Utsi womwe umateteza mbewu ndi womwewo umawononga maso ndi chifuwa cha wophika. Kamoto kakang'ono kakagwira udzu mu Okutobala, mumangopulumutsa ana basi. Mpata wa pakati pa khoma ndi denga ndi khomo lalikulu la udzudzu wa malungo, n'chifukwa chake azaumoyo amalimbikitsa kuutseka. Udzu wabwino wofolera nawo ukusowa chifukwa madambo alimidwa, moti ambiri amayala pulasitiki yakuda pansi pa kaudzu kochepa. Munthu akagulitsa fodya kapena soya n'kugula malata, musamuweruze kuti wataya chikhalidwe. Watopa ndi kudontha.

Chomwe chimandiseketsa n'chakuti yemweyo, dzuwa likafika paliwombo, amathawa m'nyumba yamalata ija n'kukakhala pansi pa kakhitchini kaudzu kuseri. Ndipo kunyanja, ku Mangochi ndi ku Nkhata Bay, alendo amalipira ndalama zambiri kuti agone m'nyumba yozungulira yofolera udzu.

Pa za chojambulacho, mayi, musalole kuti ajambule kanyumba kamodzi kali kokhakokha pathengo. Ajambule bwalo lonse: nyumba yaikulu ndi khonde lake, kuka, gowelo, nkhokwe itakwera pamiyala, mtondo ndi munsi pafupi ndi khomo. Ngati kumudzi kukadali achibale, apempheni pa WhatsApp akutumizireni chithunzi cha denga kuchokera mkati, kuti aone mmene mapaso amakumanira pamwamba. Ndipo pansi pa nkhokwepo aikepo nkhuku ziwiri zitatu, chifukwa sindinaonepo nkhokwe yopanda nkhuku pansi pake.