Inde, mungathe kupempha malipoti a ndalama amenewo

Bambo, mwafunsa ngati kholo lingathe kupempha malipoti a ndalama a mabungwe oona za maphunziro a zamalamulo. Ufulu umenewo muli nawo. Malawi Council of Legal Education, bungwe loyang'anira maphunziro a zamalamulo, ndi sukulu ya zamalamulo ya Malawi Institute of Legal Education, komwe mwana wanu akulipira fizi, zinakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo, choncho lamulo la Access to Information, lopatsa anthu ufulu wopempha ndi kulandira uthenga ku mabungwe a boma, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2020, likuzikhudza. Lembani kalata yopempha malipoti a chuma amene anawunikidwa kale ndi ma odita, ndipo mutchule chaka chenicheni chimene mukufuna.

Musangopita pakamwa. Ine nditapempha zoterezi ku ofesi ina ya boma, ndinkangouzidwa kuti abwana atuluka, mubwere mawa. Tsiku limene ndinapita ndi makalata awiri n'kuwapempha adinde imodzi ndibwerere nayo, nkhani inasintha, yankho linabwera. Akakhala chete, kadandauleni ku Malawi Human Rights Commission, bungwe loona za ufulu wa anthu, ndilo limayang'anira lamulo la Access to Information.

Izi zimandikhudza chifukwa makolo amagulitsa ng'ombe kuti mwana afike pololedwa kuimira anthu kukhoti. Ayenera kudziwa kumene ndalamazo zikupita.

Lipotilo mukalilandira, musathamangire kuloza munthu chala. Kamuonetseni kaye akauntanti, ndipo ngati mukuganiza zokasuma, onanani ndi loya.