Kwa achemwali amene mafizo awo amathera mu Januwale

Achemwali, funso lanu ndinaliona usiku koma ndinati ndiyankhe kukacha mutu uli phee, chifukwa nkhani imeneyi ndi yanga yomwe. Mwati chaka chilichonse mumayamba kuthamanga mu Januwale, ikamatha sabata yachiwiri moto wazima, nsapato zomwe munagula pa kaunjika zangokhala kunsi kwa bedi, chimimba chomwe chinatsala mutabereka mwana wachitatu chili pompo, nde mukufunsa kuti anzanu osasiyawa mphamvu amazitenga kuti. Ndaona ena akuti ndi ulesi, ena akuti muwapeze ku inbox ali ndi tiyi wochepetsa thupi kkkk, amenewo asiyeni.

Ine ndikuuzani chilungamo, mphamvu mukufunazo palibe amene amakhala nazo tsiku ndi tsiku. Chaka chino ndi chachinayi ndikuyenda m'mamawa koma masiku amene ndimadzuka mtima ukufuna ndi owerengeka, ambiri ndimadzuka ndikung'ung'udza. Chimandidzutsa si mtima ayi, ndi neba wanga amene amabwera akangoswali m'mamawa, ndipo mayi ameneyu kugogoda pang'ono sakudziwa, amamenya geti ngati wabwera kudzalonjerera ngongole, agalu a dera lonse nkuyamba kuuwa. Ukachedwa, bambo a kunyumba ndi amene amakugwedeza kuti tatulukani inu anthu agone. Manyazi amenewo ndi amene andisunga zaka zonsezi, osati kulimba mtima.

Ndifotokoze kaye mmene ndinkalepherera mwina mudziona nokha. Ine ntchito yanga ndi yosoka, tsiku lonse ndimakhala pa mashini, popita kabaza pobwera kabaza, ngakhale ulusi wa pa shopu yapafupi kutuma mwana. Tsiku lina ndinapita kuchipatala ndi zina, atandiyeza BP anapeza 160/100, anesi nkuti amayi iyi yakwera, ikamapyola 140/90 si bwino. Anandiuza ndibwerenso kawiri adzaone ngati sinali ya tsiku limodzi, kenako mankhwala, nkuti muchepetse mchere komanso muziyenda. Mantha anandigwira, mawa lake ndinadzuka nkuliyatsa liwiro ngati ndikuthawa ng'ona, nditavala jumbo mkati mwa juzi chifukwa wina anandinamiza kuti thukuta ndi mafuta akusungunuka. Achemwali, Mangochi ino, mwezi wa Novembala, jumbo mkati! Ndinabwera m'maso muli mdima. Tsiku lachitatu ntchafu zinauma gwa moti ponjuta kuchimbudzi ndinkachita kugwirira khoma. Ndinasiyira pomwepo, miyezi isanu osayesanso.

Ndinadzamva pambuyo pake kuti kuwawa kuja si kuvulala, minofu yosazolowera imatero, imapweteka kwambiri pa tsiku lachiwiri ndi lachitatu kenako imasiya yokha, ndipo ukabwereza siwawanso ngati poyamba. Thukuta nalo ndi madzi ndi kamchere basi, ukamwa madzi sikelo imabwerera pomwe inali. Nde vuto lathu ndi loti timayamba ndi mlingo wa munthu amene wakhala akuthamanga zaka zisanu, thupi likakana ife nkumati ndife aulesi.

Komanso Januwale yemweyo mumuone bwino. Mvula, matope, fizi ya ana, ufa ukutha m'nyumba, ndalama zonse zinapita ndi Khirisimasi, mutu uli balala. Mwezi umenewu ndi woipa kuyambira chinthu chatsopano. Ine chomwe chinagwira ndinachiyamba mu Juni mwera ukuwomba, kunja kukuzizira bwino, pofika Okutobala dzuwa lija likamaotcha thupi linali litazolowera kale kudzuka. Sindikuti dikirani Juni ayi, yambani sabata ikubwerayi, kungoti musamaone ngati tsiku loyambira ndi 1 Januwale lokha, mukaphonya basi mpaka chaka chamawa.

Tsono mlingo wake ndi wotani? A bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, amati munthu wamkulu azipeza mphindi 150 mpaka 300 pa sabata zogwiritsa ntchito thupi mwapakatikati, kuphatikizapo masiku awiri olimbitsa minofu. Mphindi 150 zimamveka zambiri koma ndi mphindi 30 masiku asanu, ndipo sananene kuti kuthamanga, kuyenda ndawala kukukwana. Poyezera pake mpophweka, ngati mukutha kucheza ndi mnzanu koma kuimba nyimbo mpweya ukuperewera, ndiye kuti muli pa liwiro loyenera. Ife timayezera miseche, ikayamba kuduka pakati ndiye kuti tafulumira kwambiri kkkk. Kulima, kusinja, kusenza madzi kuchokera ku mjigo zonsezo zimawerengedwa, nchifukwa chake amayi athu kumudzi sankadziwa za mafizo, vuto lili ndi ife okhala pampando tsiku lonse.

Koma musayambe ndi 30 yo. Ine sabata ziwiri zoyambirira zinali mphindi 10, kupita 5 kubwerera 5, mpaka ndinkachita manyazi kuti zimenezi nzodzukira m'mamawa? Koma cholinga pa nthawi imeneyo sichinali thukuta, chinali choti thupi lidziwe kuti azana ikamveka ku mzikiti timadzuka, kukayamba kuyera timatuluka. Ine ndine wa mpingo koma azana ndiye alamu yanga, siitha batire, magetsi azime asazime imamveka. Chinthu chatsopano chimagwira msanga ukachimangirira pa chinthu chomwe chimachitika kale tsiku lililonse, ukangoti ndidzapita ndikapeza mpata, mpatawo supezeka. Mpaka lero ndili ndi lamulo, tsiku loti sindikufuna ndimangodziuza kuti ndivale nsapato ndikafike pa wotchi pomwe timakumana ndi anzanga basi, ndikafuna ndibwerera. Zaka zonsezi ndinabwererapo kawiri kokha, chifukwa chovuta ndi kuchoka pa bedi kufika pa geti, kwinako miyendo imapita yokha.

Njira yathu ndi imodzimodzi, timakumana pa wotchi ya Queen Victoria pamene pali mfuti yakale paja, tilipo anayi tsopano, kuwoloka mlatho wa Bakili Muluzi, kutsata msewu wa ku Namwera mphindi 15 kenako nkutembenuka. Ena amati njira imodzi imatopetsa koma ine ndimaikonda chifukwa sufunika kuganiza, komanso ndi imene imakuonetsa kusintha. Poyamba ndikafika pakati pa mlatho ndinkaima kunamizira kuti ndikuyang'ana mvuu mu Shire chonsecho ndikufuna kupuma, patatha miyezi iwiri ndinangozindikira ndili tsidya ndikulongolola nkhani osaima. Tsiku limenelo ndinasangalala kuposa tsiku lililonse lomwe ndinakwerapo sikelo. Ndipo nthawi imeneyo pa mlatho pamakoma, kamphepo ka mumtsinje, asodzi akubwera ndi mabwato, dzuwa likusuzumira kumapiri a ku Chowe, palibe mwana akukuitana, palibe kasitomala akufunsa dilesi lake. Kwa ine mphindi 30 zimenezo ndi zokhazo pa tsiku zomwe ndi zanga ndekha.

Mwati mumasiya pa sabata yachiwiri. Mumasiya chinthu chisanamere mizu. Ofufuza ena a ku University College London anatsatira anthu omwe ankayesa kuzolowera chinthu chatsopano tsiku ndi tsiku, anapeza kuti pakatikati zinkatenga masiku 66 kuti chiyambe kuchitika chokha osadzikakamiza, ofulumira masiku 18, ena mpaka 254. Nde zija amanena zoti masiku 21 basi chizolowezi chakhazikika musazitengere. Anapezanso kuti kujomba tsiku limodzi sikugwetsa zonse. Apa mpamene ambiri timagwera, wajomba Lachiwiri chifukwa kunali maliro, Lachitatu ukuti aaa sabata ino yawonongeka kale ndidzayamba Lolemba, Lolembalo kwabwera alendo, basi mpaka Januwale. Ife tinagwirizana kuti kujomba kamodzi si mlandu koma kawiri motsatizana neba uja amabwera ndi anzake onse pa geti. Matenda okha ndiye timamvetsa, chaka chatha malungo anandigwetsa ndinakhala sabata ziwiri, nditachira ndinayambiranso pa mphindi 10 zija osachita makani.

Za anthu oseka simunazitchule koma ndikudziwa zilipo, kuno mzimayi akamayenda ndawala m'mamawa opanda katundu pamutu anthu amadabwa. Akabaza ankatikuwa, amayi mukuthawa chani, bwerani tikunyamuleni ulere. Apongozi anga ndiye anachita kundikhazika pansi kuti mukaonda anthu aziti mwana wanga sakukudyetsani, kapena aziti mukudwala. Zinkandiwawa, osanama. Koma anthu amatopa, mwezi umodzi nkhani yatha apeza ina, pano akabaza omwewo ndi amene amafunsa kuti dzulo simunaoneke bwanji. Zovala musavutike nazo, ine buluku mkati chitenje pamwamba, neba wanga ndi hijabu yake, palibe chomwe chimatilepheretsa. Nsapato zokha ndiye zikhale zokukwanani bwino, za pa kaunjika zomwezo nzabwino, osati masilipasi.

Tsopano chimimba, poti ndi chimene chikukuwawani. Ma sit up sachotsa mafuta a pamimba, amalimbitsa minofu ya mkati koma mafuta thupi limachotsa ponseponse mmene likufunira, ndipo kwa ambiri a ife pamimba mpomalizira. Mukamakwera sikelo tsiku lililonse mukhumudwa msanga chifukwa imasinthasintha ndi madzi, ndi chakudya cha dzulo, ndi nthawi ya kumwezi. Ine poti ndine telala ndimakhulupirira tepi, kamodzi pa mwezi, ndipo pali njira yosafuna ndalama, dulani chingwe chotalika ngati msinkhu wanu, chipindeni pakati, ngati chikuzungulira m'chiuno cha pa mchombo nkukumana ndiye kuti muli pabwino, ngati sichikukumana ntchito ilipo. Changa poyamba chinkaperewera chikhatho chathunthu, pano zala ziwiri. Chaka choyamba ndinangotsika makilo 6, ena angaseke, koma BP pano imakhala cha m'ma 130/85, tulo ndimagona, msana wa pa mashini uja unasiya. Mankhwala sindinasiye ayi, ndipo aliyense wa BP kapena shuga amene akuwerenga asasiye yekha chifukwa choti wayamba kuyenda, zimenezo amanena ndi achipatala.

Pakamwa napo pamafunika chilungamo. Miyezi yoyambirira ndinkati ndikabwera koyenda ndadzilipira, tiyi wa shuga masupuni atatu, mandasi anayi, masana botolo la zoziziritsa kukhosi poti kwatentha. Botolo limodzi la 300 ml la zakumwa zotsekemerazi limakhala ndi shuga wokwana timasupuni ta tiyi pafupifupi 8, ndiye kuti kuyenda konse kwa m'mamawa kuja kwathera m'botolo limodzi. Sindinasiye nsima, munthu wa ku Mangochi ungasiye nsima ya usipa kapena chambo? Ndinangochotsa mtanda umodzi nkuchulukitsa masamba, zoziziritsazo zinatsala za pa ukwati ndi pa chinkhoswe.

Jimu ndinalipirapo mwezi umodzi, ndinapita kanayi, ndalama inapita. Si kuti njoipa koma ngati mpofunika kabaza kuti mukafike, tsiku lomwe mulibe ya kabaza ndi lomwe musiye. Zolimbitsa minofu ndimapangira pakhonde Lachiwiri ndi Lachisanu tikangobwera, kukhala pampando nkuimirira ka 10 katatu, kukankha khoma ndi manja, kunyamula zigubu za malita 5, lita imodzi ya madzi ndi kilo imodzi nde chigubu chimenecho ndi makilo 5 aulere. Mvula ikagwa m'mamawa zomwezo ndi zimene timapanga aliyense kwake, pena ndimangotsegula wailesi nkuvina mphindi 20 ana akundiseka. Mwezi wa Ramadan neba wanga ndi mnzathu wina amasala, nde timasintha, timayenda pang'onopang'ono madzulo futari ikamayandikira kuti akangofika amwe madzi, ndipo timafupikitsa. Chachikulu timafuna kuti mzere usaduke.

Zochenjera nazo zilipo. Dzuwa la kuno kuyambira 10 koloko mpaka cha m'ma 3 si loyendamo, makamaka Okutobala ndi Novembala, imwani madzi musanatuluke ndi pobwera. Kukadali mdima musayende nokha. Pamsewu yendani mbali ya kumanja kuti galimoto ndi njinga zamoto muzizionera kutsogolo. Amene akuti muzikasambira, mu Shire muli ng'ona, ndipo kunyanja malo a bango ndi madzi odekha kuli likodzo. Mukamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena mpweya kubanika modabwitsa, imani mupite kuchipatala, ndipo ngati mwana wachitatuyo munabereka ndi opareshoni posachedwa funsani kaye anesi musananyamule zigubu.

Nde ine ndikuti musasake mphamvu, sakani munthu. Osati mnzanu wapamtima amene mukati lero ndatopa akuti inenso tigone, sakani wovuta, wosamva zifukwa, amene mumamuopa pang'ono. Paja amati liwiro la mumchenga nkuyambira limodzi, nde akhale wa mlingo wanu, osati mtsikana wa netiboli woti akusiyani pa mlatho. Ngati muli boma konkuno ndipo simunamupeze, Lolemba kukangoyera mutipeza pa wotchi, mukamva mayi akulankhula mokweza ngati ali pa msonkhano ndi neba wangayo, mungomuuza geti lanu ndi liti, zotsalazo amaliza yekha. Nsapato zija muzitulutse Lamulungu madzulo muziike pakhomo, koma muyambe mwazikutumula, chaka chathunthu kunsi kwa bedi kuno ku Mangochi simungadziwe mwalowa chinkhanira.