Mwati mukufuna kusiya unesi n'kuyamba geni ya ku Joni

Achemwali, mwati munamaliza dipuloma ya unamwino ndi uzamba zaka ziwiri zapitazo, boma silinakulembenibe ntchito, mukungodalira lokamu (ganyu wa unesi) pa kachipatala kena, ndiye mukufuna ndikuuzeni mmene geni yanga yooda mayunifolomu ndi zipangizo za anesi imayendera. Mwafunsanso ngati pepala lathu la NMT (Nurse Midwife Technician), dipuloma imeneyi, lili ndi tsogolo.

Ine ndinavala yoyera zaka 9 ndisanakwere basi ya ku Joni, ndipo n'chimene chimandidyetsa mpaka lero. Amayi anzanga a geni amaoda zokongola m'maso, masikirabu (zovala za m'wodi) othina opanda matumba, kenako n'kumadabwa kuti katundu sakuyenda. Nesi amafuna matumba, moika lumo, cholembera, pulasitala ndi foni. Wotchi ya pachifuwa ikhale ndi muvi wa masekondi, apo ayi awerenga bwanji kugunda kwa mtima? Nsapato ndimaipinda ndi dzanja m'sitolo momwemo, Mtchaina akundiyang'ana, chifukwa ndikudziwa kuimirira mu leba kuyambira madzulo mpaka tambala. Zimenezi palibe anandiphunzitsa pa Dragon City, msika wa Matchaina wa ku Joni.

Njira mukuidziwa: Mwanza, Zobue, mlatho wa Tete, Nyamapanda, Harare, Beitbridge, masiku awiri miyendo itatupa. Ena amalowera ku Dedza. Wina akakuuzani za fomu yapafupi ya COMESA kuti simulipira msonkho, mumuseke. Imene ija ndi ya katundu wopangidwa m'mayiko athu omwe ano, South Africa mu COMESA mulibe, ndipo makina oyezera BP amene timagula ku Johannesburg ndi a ku China. Mankhwala musakhudze n'komwe, ngakhale kabotolo kamodzi, za mankhwala zili ndi eni ake a PMRA, bungwe la boma loyang'anira mankhwala.

Ndikulankhula chonchi chifukwa ndinapsapo. Mu Okutobala 2023 ndinapeza oda imene ndinkati yandichotsa pa lendi. Kalasi yonse ya ana a unesi pa koleji ina, aliyense nsapato, wotchi, choyezera kutentha thupi, chomvera m'chifuwa ndi makina a BP. Tinagwirizana mtengo m'makwacha, anapereka theka. Zotsalazo ndinatenga ku banki m'khonde, zina kwa mayi wina wa katapila, ndipo zitandiperewera ku Joni ndinabwereka marandi kwa tiransipota wina, obweza marandi omwewo. Dyera linandigwira pa chinthu chimodzi. Bambo wina wa kiliniki anandipempha timapepala toyezera shuga, ndinaponyamo mabokosi 60 m'katoni ya nsapato.

Pa boda ina, sinditchula, kamnyamata kena ka yunifolomu, msinkhu wa mwana wanga woyamba, kanang'amba katoni imeneyo ndi kiyi wa galimoto. Kanatulutsa bokosi limodzi n'kumalitembenuza. "Mayi, izi n'zachipatala. Chilolezo chili kuti?" Pa timapepalato sindikana, ndinalakwa. Koma nsapato zinalakwanji? Anatsitsa makatoni onse 11, basi n'kunyamuka ine ndili chilili ndi chikwama cha m'manja. Kenako anandikokera pambali, akuti amayi tingothandizana, ya fanta basi. Fanta wake anali wa ndalama zogulira mbuzi zitatu. Ndinakana. Ena amati ndinachita matama, mwina n'zoona, koma ine ndabadwitsa ana ndi tochi ya foni kukamwa popanda wondipatsa ya fanta.

Ndiye anandionetsa. Lero abwana apita kumaliro. Mawa netiweki yagwa. Mkuja fayilo yanu ili ndi amene ali pa ofu. Ndinkagona pa khonde la sitolo ina, chitenje chimodzi choyala china chofunda, kusamba kolipira, kudya chipisi cha pachiwaya mmawa ndi madzulo. Ndili pompo, pa 9 Novembala, kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Dola imene inali cha m'ma K1,180 inadzuka ili K1,700. Ndinamvera pa wailesi ya woyendetsa thiraki wina, iye akuseka kuti ake ndi madola, ine m'mimba mukutentha. Katundu wanga atamutulutsa tsiku lachisanu ndi chinayi anamuwerengera msonkho pa mtengo watsopano, kuwonjezapo chindapusa ndi ya malo osungira. Kamnyamata kaja kanadinda pepala osandiyang'ana n'kumaso komwe.

Timapepala ta shuga anandibwezera titakhala sabata yonse m'shedi ya malata, dzuwa la Novembala likuphika. Pa bokosi pamalembedwa poyera kuti tisapitirire madigiri 30. Bambo wa kiliniki uja anati bweretsani choncho, ndani adziwe. Ndikanakhala wa geni chabe mwina ndikanapereka. Koma ndinaganiza za gogo wina akuuzidwa kuti shuga ali bwino pamene wakwera, ndinakatentha onse kudzala. Ana asukulu aja anakana kuwonjezera ngakhale K500, ndipo sanalakwe, mtengo ndinatchula ndine. Marandi a tiransipota anali atabereka okha usiku umodzi. Firiji inapita, kapuloti kanga kanapita, amayi a ku banki m'khonde anabwera kudzakhala pabwalo panga ndi mphasa zawo mpaka mdima.

Chimene chinandiwombola ndi layisensi. Zaka zonse za geni sindinasiye kukalipira ku Nurses and Midwives Council ndi kutolera mapointi a CPD, a maphunziro opitiriza pa ntchito, anzanga akundiseka kuti ukuwetera chiyani ng'ombe yosakama. Miyezi 7 ndinagwira lokamu ya naiti, masana n'kumazungulira m'mawodi ndi chikwama cha nsapato. Ndiye mukamati mungolisiya pepalalo, ine mutu umandiwawa.

Kuti lili ndi denga, lili nalo. Zaka zitatu za ku Nkhoma, ku Malamulo kapena ku Ekwendeni zimakupatsani ntchito yonse koma osati mpando. Kuchipatala cha kumudzi usiku mumakhala nokha, mzamba ndinu, dokotala ndinu, wa mankhwala ndinu, koma pokwezana amayamba ndi wa digiri amene munamuphunzitsa kupeza mtsempha. Mankhwala ake ndi kubwerera kusukulu mukhale rejisitadi, ku KUHeS kapena ku Mzuni, mudakali opanda ana ambiri. Ine ndinazengereza, ndinkati chaka chamawa, mpaka basi inanditenga.

Za kunja samalani ndi maejenti a pa Facebook. Adzakuuzani kuti ku America kuli anesi otchedwa LPN, ofanana ndi inu, bwerani ndi madola. Kumeneko LPN ndi sukulu ya pafupifupi chaka chimodzi, amalemba mayeso awoawo a NCLEX-PN, ambiri amagwira m'nyumba zosamalira okalamba pansi pa nesi wamkulu, ndipo pepala la kuno sililowa lokha ngati pasipoti. Anzanga amene anapita ku UK anakalowa ngati osamalira okalamba, uzamba wonse uja n'kuupinda m'sutikesi, ndipo khomo limenelo analitseka mu Julaye 2025 kwa ochokera kunja. Ku South Africa nako popanda kulembetsa ku SANC, khonsolo ya anesi ya kumeneko, mukakhala wolera ana a eni.

Phindu la geni mwafunsa, sindikuuzani, palibe wa geni amanena. Nyumba ndamanga, ya malata a IBR, ndipo mtengo pano ndimatchula katundu atalowa m'nyumba mwanga, osati ali ku Joni. Ngongole kwa anesi ndimapereka tsiku la 20 la mwezi, kutolera tsiku la malipiro lenilenilo ndili pa geti, chifukwa mukachedwa masiku awiri mupeza zapita ku chimanga ndi fizi.

Basi yanga inyamuka Lachinayi pa Wenela. Ngati mtima ukadali pomwepo, sinthanani mashifiti ndi mnzanu, mubwere ndi pasipoti ndi zitenje ziwiri, mudzandinyamulire makatoni ulendo umodzi. Mpamba wanu muusiye kunyumba.